Thu ya Hilda, Folo ya Alamu

Mphenzi imene inagwa pa Nsaru mvula ikupita kumapeto sinaphe munthu, sinaphe ng'ombe, koma inayatsa moto pakhomo pa a Nabanda umene mpaka lero ukufukabe utsi. Inalowera mu waya wa magetsi n'kukapsereza makina a magemu a Hilda, mwana wawo wachiwiri. Phuu! Kautsi, fungo la pulasitiki, basi zathera pomwepo.

Tsono kwa inu osadziwa Nsaru, kuseri kwa golosale ya a Nabanda kuli kanyumba ka malata kokhala ndi mabenchi ndi tivi. Ndiyo nyumba ya magemu imeneyo. Hilda anaiyamba yekha atamaliza Fomu Folo. Kuzira pansi yekha, kukhoma malata yekha, mpaka chala china chinasanduka chakuda ndi hamala. Ana akaweruka kusukulu amakhamukira kumeneko kukamenya mpira wa pa tivi, ndipo lamulo lake ndi limodzi: wogonja adzuke, wopambana akhale. Hilda akagwira padi, kogwirira ka mabatani kaja, sadzuka. Funsani aliyense.

Makina opserera aja anali Piesi thu, amene ana amangoti thu, akale ndithu, ogula kwa munthu. Ndiye panafunika ena. Apa ndi pamene analowerera a Levison.

A Levison ndi amuna a Maureen, mkulu wake wa Hilda. Kwawo ndi ku Msundwe, ndipo anabwera chikamwini ndi kachikwama kamodzi ndi mafoni awiri. Mukawafunsa ntchito amati, "Ndimapanga za bizinesi." Bizinesi yake palibe anaionapo. Chimene anthu anaona n'chakuti nthawi yosoka fodya ikafika, msana wawo umayamba kuwawa.

Nkhani inakambidwa m'chigafa cha fodya, pamaso pa a Chikoti, atsibweni a Hilda, eni mbumba. Anali atangobwera kumene ku okushoni kogulitsa fodya, ndipo anali atanena kuti fodya wa banja ndiye agula makina atsopano.

"Atsibweni, mungondigulira thu inzake," anatero Hilda. "Ana anaizolowera. Padi ikafa ndimaimasula n'kukonza ndekha. Madisiki ndili nawo kale jumbo yonse."

A Levison anaseka, kuseka kuja kotulukira m'mphuno. "Thu? Alamu, chaka chino? Zidole zija za mitu ngati njerwa? Bambo, kutauni anthu anaiwala kale zimenezo. Pano kuli Piesi folo. Osewera ake mumachita kuwaona thukuta likutsika. Ikani folo pano, abambo a ndevu azichoka ku Kabudula kudzaona."

"Kudzabetcha, nenani bwino," anatero Hilda. "Ana anga muwathamangitse pabenchi kuti pakhale anzanu a bawo."

"Ana anu? Munabereka liti?" A Levison anatembenukira kwa a Chikoti n'kutsitsa mawu ngati mkulu wa mpingo. "Komanso bambo, ine ndingonena monga munthu wa pabanja pano. Kodi n'zoona mtsikana wosakwatiwa aziswera m'kanyumba ka mdima ndi anyamata? Kiyi wa kanyumbako akufunika mwamuna."

Eee, Hilda anamva kutentha kuyambira kuphazi. Ndiye kuti nkhani sinali makina ayi. Nkhani inali kiyi.

"Tambala salira kwa eni, alamu. Kanyumbako mutabwera munakapeza."

"Iwe Hilda!" anakuwa Maureen. "Amenewa ndi amuna anga!"

"Ndiye muwapatse khasu, asisi, aone ngati lili ndi mabatani."

A Chikoti anamenya ndodo pamtengo wa chigafa mpaka fumbi la fodya linagwa. Iwo za magemu sadziwa n'komwe, ngakhale foni amachita kuwayankhira mdzukulu. Koma kugula amadziwa.

"Ine ng'ombe ya ngolo sindigulira m'khola," anatero. "Ndimayamba ndaikoleka goli, ikoke ndione. Wogulitsayo abweretse zonse ziwiri. Tsiku la msika tiziika pakhonde, anthu a pano aone. Imene aikonde ndiyo ndigula, ndipo amene anaisankha ndiye atenga kiyi. Ndatha."

Wogulitsa anali Jonas, wa ku Mpingu, amene ali ndi kashopu ka zamagetsi kutauni. Anabwera pa njinga yamoto, makina onse awiri atawakulunga m'bulangete ngati mapasa, n'kuwasiya kuti ayesedwe mpaka tsiku la msika. Hilda anatenga thu kupita nayo kukanyumba kake. A Levison anabwereka tivi yaikulu kwa ometa, n'kudzitsekera kuchipinda ndi folo yawo.

Masiku oyamba ana anapita kukasuzumira kwa a Levison, chifukwa chatsopano chimakoka maso. Koma bambowo padi samapereka. "Usagwire ndi manja a mbatatawo! Ukudziwa chinthu chimenechi iwe?" Ana anabwerera kwa Hilda, mabenchi n'kudzaza ngati kale. Hilda ankangomwetulira. Amaona ngati wapambana kale.

Kenako m'mawa wina anapita kumjigo.

Atafika, amayi onse anakhala chete ngati wadutsa maliro. Anapereka moni, anayankha ndi mphuno. Anapopa, ndowa inadzaza, anayang'ana uku ndi uku kuti wina amutwike. Wina akumanga chitenje, wina akuyang'ana mbalame. Abale inu, kumjigo kukana kutwika munthu ndi kutukwana kuposa kutukwana.

Anadzuka ndi amake Kizito okha, mayi woonda wa kolona m'khosi, wa ku Katolika. Kizito wawoyo pa Nsaru palibe amene samudziwa. Anali womwetsa zigoli wa timu ya pamsika, nambala naini, wamtali, wometa ka mzere pambali, wa nsapato zofiira. Anapita ku Joni kalekale, anaimba foni miyezi yoyamba, kenako zii. Mayi ake aliyense wotsika basi ya ku Joni amamufunsa.

"Gwira uko, mwanawe," anatero, n'kumutwika. Kenako ananong'ona. "Akuti makina ako amayamwa magazi a ana. Ine sindikudziwa. Za mwana wanga anenanso zambiri."

Hilda sanagone pansi. Anayenda nayo nkhaniyo chobwerera ngati munthu wolondola nkhuku yobedwa. Kumjigo anaimva kuchigayo. Kuchigayo anati ana akuonda ndi kulephera mayeso chifukwa cha magemu. Isanafike kuchigayo, kwa atelala, inali yakuti mphenzi ija inatumidwa ndi Mulungu kudzawotcha zausataniki. Kwa ometa ndiye kunali gwero lake: munthu wina atameta ndevu ananena kuti thu ili ndi gemu ya ndewu ya magazi, ndipo mlamu wake anakhwimira pamenepo. Munthu wake wa mafoni awiri.

Anawapeza a Levison atakhala pakhonde akudya mtedza.

"Alamu, ine ndine wa usataniki?"

"Ndatero ine? Anthu ndi amene akunena."

"Mwandiika dzina la ufiti pamudzi pa mayi anga chifukwa cha kiyi?"

"Ine ndinangonena za thu," anatero a Levison, akuuzira makoko. "Ngati thu ndi inu, pepani."

Madzulo ake a Nabanda anamuitana Hilda kuchipinda. Iwo ndi a Chigwirizano cha amayi ku mpingo wa Sisiyepi, ndipo bulauzi yawo yoyera inali pabedi, yosita.

"Amayi anzanga abwera tsiku la msika kudzaona okha," anatero osamuyang'ana. "Akapeza choipa, ine andidula mgonero. Bulauzi iyi sindingaivule chifukwa cha zidole zako. Ndikhoma kanyumbako ndi misomali."

"Amayi, ndi bodza la akamwini anu."

"Bodza likavala nsapato limalowa m'tchalitchi, mwana wanga."

Tsiku la msika linafika, dzuwa lili phwee. Pakhonde la golosale anaika matebulo awiri, thu kumanzere, folo kumanja. A Chikoti anakhala pakati pampando wa ndalema, kiyi ali m'thumba la jekete. Jonas anaima pambali akutafuna nzimbe. Anthu anadzaza mpaka kumsewu, ogulitsa kaunjika kusiya kaunjika, a kabaza kusiya njinga.

Kenako amayi anafika. Osati a Chigwirizano okha ayi, ndi a Katolika omwe! Anthu amene pamaliro amakanganirana nyimbo, tsiku limenelo anabwera mzere umodzi. Apa ndi pamene a Levison analakwitsa masamu. Iwo ankaganiza kuti amayi aja asiyanitsa thu ndi folo. Kwa amayi aja gemu ndi gemu. Anabwera kudzafuna Satana, ndipo analibe nazo ntchito kuti akhala pa tebulo liti.

Anayambira kwa Hilda. Iye anayatsa, n'kuika mpira. Amayi anawerama, maso tong'o.

"Ndi zimenezi?" anafunsa mayi wina wamkulu wa duku loyera. "Timitu ngati mabokosi a machesi?"

"Auzeni aike ya ndewu ija!" anakuwa a Levison.

Hilda anawayang'ana, n'kuika. Tianthu tiwiri tinayamba kudumphadumpha, kumenyana mateche.

"Magazi aja ali kuti?"

"Nanga chidole chili ndi magazi, anzanga?"

"Aaa, izi ndiye mbuzi zikugundana," anatero wa duku loyera, ndipo ena anaseka. Anaoneka okhumudwa ndithu, ngati anthu amene apita ku ukwati n'kupeza nyemba.

A Levison anaona kuti bodza lawo lafooka, koma anati palibe kanthu, folo iwapha ndi kukongola. Anawomba m'manja.

"Amayi, mwaona zidole. Tsopano bwerani kuno muone anthu enieni!"

Anayatsa. Ndipo kunena zoona, ngakhale Hilda anatsegula pakamwa. Udzu wobiriwira ngati dimba, anthu m'bwalo akukupiza mbendera, osewera akupuma chifuwa chikukwera ndi kutsika. Wosewera wina analavula. Wina anaphethira.

"Waphethira," ananong'ona mayi wina, n'kubwerera m'mbuyo.

"Eya, amaphethira!" anatero a Levison, osamva mmene mawuwo anatulukira. "Amatuluka thukuta, amatopa, amamva kuwawa. Ndipo amachita chimene ine ndafuna. Ndikati thamanga, athamanga. Koma dikirani, ndakukonzerani chapadera. Iyi ndi timu yathu ya pa Nsaru. Ndawalowetsamo ndekha."

Masiku onse odzitsekera kuchipinda aja ankapanga zimenezo, kuti akope anyamata. Folo imalola kupanga wosewera wako, kumupatsa msinkhu, tsitsi ndi dzina. Ndiye pa tivi panabwera wamtali, wometa ka mzere pambali, nsapato zofiira. Anatembenuka. Kumsana nambala naini, pamwamba pake KIZITO.

Ngakhale Jonas anasiya nzimbe.

Amake Kizito anakankha anthu n'kufika kutsogolo. Anagwira galasi la tivi ndi manja onse awiri.

"Kizito? Kizito, ndine mayi ako."

Wa pa tivi uja anapukusa mutu, n'kuyamba kuthamanga, chifukwa chala cha a Levison chinali pa batani.

"Mayo ine! Mwana wanga! Ndiye n'chifukwa chake saimba!"

"Ndondocha!" wina anakuwa kumbuyo. Mukudziwa zija amanena, zoti okhwima amatenga munthu m'matsenga n'kumusunga kuti aziwagwirira ntchito. Liwu limenelo linayenda pamsika ngati moto wa lupsa. "Wamutsekera m'makina! Mkamwini wa a Nabanda wasunga mwana wa eni!"

"Iyayi, iyayi, amayi, si choncho!" A Levison thukuta lili kamukamu. "Ngati sakukusangalatsani ndimufufuta pompano!"

Ha! Kunena zimenezo kwa mayi amene wangomupeza mwana wake. Amake Kizito anadzigwetsa pansi. "Akufuna amuphe! Gwireni, akufuna amuphe ndikuona!"

Anyamata a kabaza anawagwira a Levison pakolala. Foni imodzi inagwa n'kupondedwa. Maureen analira akukoka malaya a amuna ake. Hilda anangopinda manja. Musanamizidwe, mumtima mwake munali kukoma. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo umakutsata, ndipo mlomo wa alamu unali utawapeza masana dzuwa likuswa mtengo.

Koma kenako anamva wina akuti, "Tiotche zonse! Ndi kanyumba komwe, n'kumene amasungira enawo!" Anaona mnyamata akuthamangira kwa ogulitsa petulo wa m'mabotolo. Anaona amayi ake atagwira pamutu. Anayang'ana malata ake aja, amene anawakhoma mpaka chala kuda.

"Alamu," a Levison anamuitana mawu ali tswii. "Auzeni, chonde. Inu amakumverani."

Hilda anayandikira pang'onopang'ono. "Ndiwauze chiyani? Ine si wa usataniki uja?"

"Ndinangonena."

"Nenani mokweza. Kwa ometa munali ndi mawu aakulu."

"Ndinanama!" anakuwa a Levison. "Za magazi ndinayambitsa ndine! Ndimafuna kiyi!"

Hilda anakwera pabenchi, n'kumenya chitini cha golosale ndi mwala mpaka anthu anatembenuka.

"Tawasiyani kaye manja, khosi gwiranibe. Alamu, tengani padi. Mmene munapangira Kizito, pangani wina tikuona tonse. Mudzipange nokha."

A Levison anadinadina mabatani. Pa tivi panabwera munthu wopanda dzina, ataima ngati chidole cha mu shopu ya zovala.

"Mfupikitseni," anatero Hilda. "Inu si wamtali choncho. Makutu onjezerani."

"Alamu, makutu anga si..."

"Onjezerani."

Makutu anakula. Wina anaseka mwangozi.

"Mimba!" anakuwa wa kabaza amene anagwira kolala. Thupi linanenepa.

"Mphuno ifwanthuke!" anatero mayi wa duku loyera, amene anabwera kudzafuna Satana uja.

Msika wonse unayamba kulamula. Dazi pang'ono. Ndevu za mbuzi. A Levison ankangodina, akudzimanga okha chiwalochiwalo pamaso pa apongozi awo. Pomaliza Hilda anawalembetsa dzina kumsana, n'kuwalanda padi.

"Tsopano taonani. Uyu ali apa, mwamugwira pakhosi. Uyo ali umo. Ngati makinawa amameza anthu, bwanji uyu sanasowe? Mtsineni muone ngati wa pa tivi alire."

Anawatsina ndithu, osati kamodzi. Analira ndi wa pakhonde. Wa pa tivi Hilda anamuthamangitsa, n'kumuponyetsa mpira kumwamba golo ili yosatseka, kenako n'kumugwetsa chafufumimba. Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi. Wa petulo uja anabwerera nalo botolo lake mwakachetechete.

Amene sanaseke ndi amake Kizito. Anadzuka, n'kusasa fumbi pachitenje.

"Ndiye si iyeyo?" anafunsa mayiwo, akuyang'ana Hilda.

"Si iyeyo, mayi. Angomujambula."

"Ndiye awa sakudziwa kumene ali."

"Sakudziwa."

Mayiwo anatembenukira kwa a Levison, ndipo sanakweze mawu. "Inu bambo, mwana wanga mwamuthamangitsa ndi zala pamsika osandipempha. Ine ndimagona ndi foni kumutu. Mulungu akuoneni." Anapempha Hilda kuti amuonetse nambala naini uja kamodzinso. Hilda anamubweretsa, n'kumusiya atangoima, akupuma. Mayiwo anayang'ana mpaka anakhuta.

A Chikoti anadzuka pampando wa ndalema.

"Jonas, iyi ya kumanjayi ndi ng'ombe yokongola. Sindikukana. Koma ndaikoleka goli kamodzi, yatsala pang'ono kundiotchera mudzi. Mwina vuto ndi woyendetsa, kaya. Imange. Ndigula ya timitu ta machesiyo."

Anapisa m'jekete, n'kuponya kiyi. Hilda anamuwakha ndi dzanja limodzi.

Jonas anakulunga folo m'bulangete. Amake Kizito anamugwira mkono n'kumulumbiritsa kuti nambala naini asamufufute, angomusiya momwemo. Njinga yamoto itanyamuka, anaima pamsewu akuyang'ana fumbi, monga anachitira tsiku limene basi inanyamuka ndi mwini dzina.

A Nabanda Lamulungu lake anavala bulauzi yawo yoyera, anakhala kutsogolo. Maureen ndi Hilda mpaka pano amapatsirana mchere kudzera mwa mwana. A Levison dzina lawo latsopano ndi a Makutu, ndipo ana akawaona amagwira makutu awo n'kumakupiza.

Kiyi uja Hilda anamumangirira pa chingwe, amayenda naye m'khosi, kunja kwa bulauzi kuti aziwala. Tsiku lina a Levison anadutsa pakanyumba paja akuchokera kudimba, khasu lili paphewa, chifukwa a Chikoti anati msana uja wachira. Anaima pakhomo, akusuzumira mpira wa timitu ta machesi.

"Lowani, alamu," anatero Hilda, maso ali pa tivi. "Padi ina iyi. Koma lamulo mukulidziwa."

"Lamulo lanji?"

Ana onse pabenchi anayankha pamodzi, "Wogonja adzuke!"

A Levison analavula pambali, n'kukonza khasu paphewa, n'kumapita. Hilda anamwetsa chigoli osayang'ana n'komwe kumene alowera.